Nyali za Galimoto pa Makoma a ku Phalombe

Mwa zinthu zimene zimapachikidwa pabalaza m'nyumba za ku Phalombe, boma limene lidapatulidwa ku Mulanje m'chaka cha 1998, pali mtundu wina wa chithunzi umene akatswiri a zaluso sanaupatsebe ulemu wouyenera, ndiwo chithunzi cha nyali yakutsogolo ya galimoto, chimene kawirikawiri chimakhala pakati pa kalendala ya chaka chatha ndi chithunzi cha ukwati. M'chithunzi chotere mumaoneka nyaliyo, chigongono chotsamira pa boneti, ndi nkhope ya mwini chigongono ikuyang'ana kutali ngati munthu amene akuwerengera ndalama za mafuta.

Chimene wojambula amasankhira nyali m'malo mwa galimoto yonse ndi nambala. Galimoto yolembetsedwa m'bomali nambala yake imayamba ndi PE, ya ku Mulanje ndi MJ, ndipo anthu a pa Migowi ndi pa Chiringa, amene amadziwa galimoto iliyonse ya m'dera lawo pamodzi ndi ngongole za mwini wake, sangapusitsidwe ndi chithunzi choonetsa zilembozo. Nyali siulula mwini. Motero luso lonse la wojambula lagona pa kudula chithunzi pamene nambala ikuyambira, ndipo amene dzanja lake lanjenjemera n'kulowetsamo chilembo chimodzi salipidwa.

Lamuloli silikhudza zithunzi zochokera ku Joni, ndiko kuti ku South Africa, zimene anyamata amatumiza pa WhatsApp, makolo n'kukatsukitsa kwa wojambula. Mmenemo zilembo za GP, zoimira chigawo cha Gauteng kumene kuli Johannesburg, zimaonetsedwa dala, pakuti palibe wa pa Chiringa amene angakafufuze kumeneko. Pangodya ya zithunzi zina pamaoneka ndowa ndi kansanza konyowa, koma mwambo sulola mlendo kuziona.

Zojambulidwa konkuno zimadalira kwambiri Toyota Sienta, galimoto yogwirapo kale ntchito ku Japan imene imafika kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo ikafika imaphunzira kunyamula anthu ndi matumba a nandolo pa msewu wa ku Chitakale. Nyali zake zakale n'zobulungira, zooneka zodabwa, mwina chifukwa cha katunduyo. Popeza chivundikiro cha nyali ndi pulasitiki imene dzuwa limaisandutsa yachikasu, wojambulitsa wosamala amayamba waikwecha ndi Colgate, amene pakhomo pake amaumira ana. Amafunsanso dalaivala kuti nyali yoyaka ndi iti, chifukwa galimoto zina zimayenda usiku ndi diso limodzi mpaka wokumana nazo amaziyesa njinga yamoto. Ndipo ngakhale chithunzi chimajambulidwa masana, nyali zonse zili zozima, kutsamira pa yakufa kumaonedwa ngati kudzichotsa ulemu.

Mlendo wodziwa mwambo akaona chithunzichi safunsa kuti galimotoyo ndi ya yani. Amati, "Kodi ikuyendabe, bambo?" ndipo mwini nyumba, atapumira m'mwamba, amayankha kuti ili kugalaja, akudikira sipeya kuchokera ku Limbe. Onse awiri amadandaula za kukwera mtengo kwa masipeya kwa nthawi yokwanira, kenaka mwini nyumba amaperekeza mlendo wake kumsewu n'kumuthandiza kunenerera mtengo wa kabaza.