Ukalamba Sufika Lachiwiri M'mawa

Ife madokotala a pabwalo la bawo, amene digiri tinaitola pansi pa mtengo wa mango, timadziwa matenda awiri okha a munthu wamkulu: nyamakazi ndi ukalamba. Agogo akalephera kukweza manja kuti amange duku, ndi ukalamba. Akamadzuka pampando mogwirira khoma, ndi nyamakazi, apake mafuta otentha basi. Wapampando wa komitiyi ndine, choncho zimene ndikunena panozi zikhoza kundilanditsa udindo.

Ukalamba suchita kufika ndi sutikesi Lachiwiri m'mawa. Umalowa mozemba, bondo limodzi chaka chino, linzake chaka chamawa. Koma alipo matenda otchedwa polymyalgia rheumatica amene amamanga munthu m'masiku kapena m'masabata ochepa, mapewa onse awiri, khosi ndi m'chiuno, ndipo kukacha thupi limauma gwa kupitirira mphindi 45. Amagwira anthu opitirira zaka 50, ambiri cha m'ma 70, amayi kuposa abambo. Gwero lake ndi kutupa kwa timatumba tamadzi tozungulira mfundo za mapewa ndi chiuno. Dokotala wa ku Scotland, William Bruce, anawafotokoza mu 1888, ndipo nayenso anawakoloweka pa ukalamba, zomwe zimanditonthoza ndithu poti iye sukulu anapita. Dzina lalitalili anapereka ndi Stuart Barber mu 1957. Chimene chimagwetsa chigamulo chathu ndi mankhwala: prednisolone wochepa, pafupifupi mamiligalamu 15 patsiku, amamasula wodwala m'masiku owerengeka. Ukalamba ukanakhala wothawa piritsi chonchi, bwenzi tonsefe titabwerera kukamenya mpira.

Wina anena kuti amenewo ndi matenda a azungu. Pamenepo wanena zoona pang'ono, chifukwa amachuluka kumpoto kwa Ulaya, ku Norway ndi Sweden. Koma kuchepa si kusowa. Kuti dokotala awapeze amayeza magazi, ESR ndi CRP, zimene zimaonetsa kutupa m'thupi, kenako amatsimikiza kuti si matenda ena ofanana nawo. Tsono munthu amene tamugamula kale kuti wangokalamba adzafika liti koyezako?

Winanso, wochenjera mopitirira, anena kuti tingokagula prednisolone kufamase, nkhani yatha. Apa ndikukana ndi manja onse awiri, poti anga akadakwerabe. Mankhwalawa amamwedwa chaka chimodzi kapena ziwiri, dokotala akuchepetsa mlingo pang'onopang'ono, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Amakweza shuga ndi BP, amafewetsa mafupa, amanenepetsa nkhope mpaka achibale kuyamba kukupempha ngongole, komanso amafooketsa chitetezo cha thupi, moti TB imene inagona ikhoza kudzuka. Choopsa koposa n'chakuti mpaka mmodzi mwa odwala asanu aliwonse amakhalanso ndi giant cell arteritis, kutupa kwa mitsempha ya magazi ya m'mutu. Mutu umawawa cham'mbali, pakati pa diso ndi khutu, chipeso chikakhudza khungu la m'mutu amamva kupweteka, nsagwada zimatopa akamatafuna, maso amachita chidima kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa, chifukwa amafunika mlingo waukulu kuposa 15 uja, ndipo diso likazima ndi matendawa kawirikawiri silionanso.