Katswiri wa madzi wa ku Nkhotakota

Tsiku limene ndinkafunsira ntchito yosamalira maluwa kuno ku Joni, bwana analoza dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba n'kundifunsa ngati ndimalidziwa. Ndinaseka. Ndinati ine kwathu ndi ku Nkhotakota, madzi ndinabadwira momwemo. Sindinaname kwenikweni, kungoti mudzi wathu uli kumtunda, ndipo nyanja ndinaionapo kawiri, kachiwiriko ndili pawindo la basi.

Miyezi yozizira zinthu zinkayenda. Ntchito yambiri inkagwiridwa ndi Kreepy Krauly, kachilombo ka pulasitiki kokwawa pansi pa dziwe kakuyamwa zinyalala, paipi ili ngati mchira. Anakapanga ndi Ferdinand Chauvier mu 1974 ku Springs, kum'mawa kwa Johannesburg konkuno. Bamboyo ndimamulemekeza ngati malume anga, poti iko kakamakhetsa thukuta, woyamikiridwa ndimakhala ine.

Disembala itafika, bwana ndi adona anapita ku Durban kwa masabata awiri. Usiku wachitatu kunagwa chimvula cha ziphaliwali ndi matalala, magetsi n'kuzima, pampu n'kuima. Masiku awiri okha, dziwe linali mphika wa therere, ndere mpaka m'makoma. Achule awiri anali atasamukiramo kale, akuimba ngati alipira lendi.

Ndinati klorini ndi mankhwala, ndipo mankhwala akachuluka odwala amadzuka msanga. Kwathu nthawi ya kolera timathira kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu ndowa ya malita 20. Apa panali malita 50,000. Masamu atandikanika, ndinangonyamula chigubu cha klorini wa HTH n'kukhuthula theka, dzuwa lili paliwombo. M'mawa mwake therere lija linali litasanduka thobwa.

Anandipulumutsa ndi mkulu wina wa ku Dedza wogwira ntchito nyumba yoyandikana nafe, amene anafika ku Joni Mandela asanatuluke m'ndende. Anasuzumira pampanda n'kupukusa mutu.

"Mphwanga, wayeza?"

"Ndiyeze chiyani, achimwene? Odwalawo ndi awa, akuonekeratu."

Anabwera ndi kabokosi kawo. Anapisa mkono mpaka m'chigongono, natunga madzi m'kabotolo, nadonthezamo madontho asanu a mankhwala ofiira. Madziwo anasintha mtundu, kuyandikira jivi uja ankatipaka pazilonda tili ana.

"pH yako yadutsa 8," anatero. "Imayenera kukhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ikakwera chonchi, klorini amakhala ngati mlonda wogona: pageti alipo ndithu, koma akuba akudutsa. HTH wakoyo waikwezanso, n'chifukwa chake waphika thobwa. Chinanso, klorini amadyedwa ndi dzuwa. Anthu amathira madzulo."

Choncho panafunika asidi woti atsitse pH ija. Madzi kaye mu ndowa, asidi pambuyo, kenako kutsanulira kozama pampu ikuyenda. Nditafunsa ngati sindingangosakaniza asidi ndi klorini mu ndowa imodzi kuti ndisavutike kawiri, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandifunsa ngati ndimasonkha ku bungwe lonyamula maliro kupita kumudzi, chifukwa utsi wake ukangolowa m'chifuwa, ulendo wa ku Nkhotakota umakhala wa m'bokosi.

Masiku atatu ndinakwecha makoma ndi burashi, pampu ikulira usana ndi usiku magetsi akalola. Chatsala n'kutsuka mchenga wa m'fyuluta, zimene amati backwash. Ntchito yake ndi ya mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Ndinatembenuza chogwirira cha fyulutayo, pampu n'kuyamba kulavulira madzi akuda kunja, foni n'kulira. Amayi kumudzi, nkhani ya feteleza. Amene ali ndi amayi kumudzi akudziwa kuti nkhani ya feteleza siitha m'mphindi zitatu, imayambira kwa mbuzi imene inadwala, n'kudzera kwa mlamu wosathandiza. Nditabwerera, madzi a bwana anali akuyenda mumsewu, Kreepy Krauly akumeza mpweya uku akutsokomola. Ndinachezera kudzaza dziwe ndi paipi, m'mawa n'kuyambanso kuyeza, popeza madzi atsopano anali atasokoneza zonse.

Bwana anapeza dziwe lili mbee, moti 5 rand itagwera pansi ukanatha kuiwerenga. Anagwada, naviika chala chimodzi, nati madzi akuzizira, n'kulowa m'nyumba. Bilu ya madzi sanaione, ikubwera kutha kwa mwezi.

Adona ndi amene anakondwa kwambiri. Anati popeza ine ndine mwana wa kunyanja, Loweruka ndiyambe kuphunzitsa mdzukulu wawo kusambira. Kuyambira Lolemba, onse akagona, ndakhala ndikulowa mbali yosaya ija, madzi olekeza m'chiuno, nditagwira makwerero ndi manja onse awiri.