Mmene mungaonongere kanema wa ukwati wanu mwaukatswiri

Zimbale za VCD ndi DVD zimene zakhala m'sutikesi chiyambire nthawi ya Bingu zayamba kukalika, ndipo abale a ku Joni akufuna kanema wa ukwati uja pa WhatsApp. Musavutike mtima. Pitani kwa mnyamata wobena nyimbo pa Edingeni kapena pa Mzimba boma, mukhale naye pambali, muzimulamula. Kompyuta ndi yake, koma ndalama ndi zanu.

Akafunsa za resolution, musalole kunyozeka. Chithunzi cha VCD chili ndi timadontho 352 chopingasa ndi 288 choimirira, cha DVD 720 ndi 576. Iye adzati muzisiye momwemo poti chimene kamera sinajambule kompyuta singachilenge. Umenewo ndi ulesi. Inu nenani 4K basi. Nzeru yake ndi yomwe ija yothira madzi mumphika wa nkhuku alendo akachuluka: nyama ndi yomweyo, koma msuzi ukwanira mudzi wonse. Nkhope ya apongozi, imene pachimbale inali mbuu, ikhalabe mbuu, koma tsopano mwaulemu, m'fayilo yodzaza memore yonse. Kompyuta ichezera kubuula usiku wonse, ndipo magetsi akathima pa 97 peresenti, muyambirenso. Mukuthamangira kuti?

Bitrate ndi muyeso wa deta imene sekondi iliyonse ya kanema ikudya. Mnyamatayo akatsegula HandBrake n'kusankha H.264 pa 1,500 kbps, ola limodzi limatenga pafupifupi 675 MB ndipo pa Itel kapena Tecno limaoneka bwino ndithu. Zimenezo n'za anthu wamba. Munthu wa mbiri yake amati 20,000 kbps, ola likhale 9 GB, pomwe chimbale chonse cha DVD chinali cha 4.7 GB. WhatsApp ikana, poti siilola fayilo yoposa 2 GB, koma bandulo mukhala mutagula kale, ndipo wogulitsa mayunitsi nayenso ali ndi ana a sukulu.

Ngati ndinu woumira, tsikani mpaka 150 kbps. Apa ndiye pokoma. Pamene ankhoswe aima chilili n'kumalankhula, chithunzi chimagwira, chifukwa pulogalamu imasunga zimene zasintha zokha, ndipo pa ankhoswe palibe chimasintha kwa mphindi 40. Dikirani a ingoma alowe m'bwalo. Mapazi akagunda pansi, fumbi n'kuti koboo, nthenga zikugwedera, zishango ndi zibonga zili m'mwamba, deta imaperewera ndipo amuna onse aja amasanduka timabokosi tosambira m'chifunga. Kanema wa Umthetho ku Hora muchite naye chimodzimodzi. Adzukulu akadzafunsa, muwauze kuti Angoni akale ankavina mothamanga moti maso sankawaona.

Timizere ta m'mbali mwa anthu akamayenda timachoka ndi batani la deinterlace. Musalikhudze, mwalipira kanema yense, ndi timizere tomwe.

Chinthu chimodzi chokha chenjerani nacho. Kanema wakale ndi wa 4:3, ndipo mnyamatayo mukamukakamiza kuti adzaze sikirini ya 16:9, aliyense anenepa. Mkwatibwi, abusa, ngakhale ng'ombe za malowolo, onse masaya phwii. A ku Joni akaona zimenezo adziwa kuti kumudzi kulibe njala, ndipo marandi a mwezi uno muwamvera m'maloto. Muuzeni aphwatike chithunzicho m'mbali, onse aonde ngati ndi mu February, kenako mutumize pa 25, malipiro ali pafupi.