Ng'ombe 8 za ola limodzi

Lachiwiri lapitali a Mlembi a tsamba lino anaitanidwa. Uthenga unadzera kwa a nyakwawa, woti alimi onse akafike pa ofesi ina ya pa boma la Katete 8 koloko m'mawa, chitupa m'manja, kukatsimikiza mayina a feteleza. Dzina la ofesiyo tilisunga, poti feteleza a Mlembi akumufunabe. Anapalasa njinga kusanache, ndipo anapeza anzawo a mbali ya ku Mphangwe atakhala kale pansi pa mtengo. Wowaitana uja anatulukira 2 koloko masana, akutokosa m'mano, n'kulengeza kuti netiweki yavuta, onse abwerenso Lachinayi.

Madzulo ake a Mlembi anali chikhalire pakhonde, tsinya lili gwa, pomwe mphwawo, amene wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ku Lusaka, anatulutsa mabuku, mapepala ndi kathumba ka timiyala tapulasitiki.

"Amalume, mtima utsike. Bwerani tisewere."

Masewerawo ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa ku America mu 1974. Alibe maenje ngati nsolo. Ndi nthano yothandizana kukamba: mmodzi, wotchedwa Dungeon Master, amafotokoza dziko ndi adani, ndipo enawo aliyense amatenga munthu wake wa m'nthanomo n'kumanena zoti achite. Pakakhala chikayiko amaponya dayisi ya mbali 20. A Mlembi, amene anakulira pa nthano zongoyankha kuti tilitonse, anadabwa kuona kuti masiku ano nthano imafuna pensulo ndi masamu. Anawapatsa munthu wotchedwa druid, tinene kuti sing'anga wa m'tchire, ndipo ana awo awiri anatenga ankhondo. Kandulo inayatsidwa.

Zinthu zinayenda bwino mpaka mphwawo atawerenga matsenga otchedwa Conjure Animals. Malinga ndi buku la malamulo la 2014, woitana amasankha: chilombo chimodzi champhamvu, kapena ziwiri zocheperako mphamvu, kapena 4, kapena 8 zofooka. Zimamvera chilichonse chimene wawuza.

A Mlembi anakhala tsonga. "Iwe, ng'ombe ilimo?"

"Ilimo, amalume, anaiika m'buku lina la 2016, m'gulu la zobwera 8. Koma anthu amaitana mimbulu."

"Mimbulu imalima?"

Kuyambira pamenepo nthano ya phanga ndi adani inaima. Munthu amene kwa zaka zambiri wakhala akubwereka ng'ombe ziwiri za alamu ake, n'kumalima anzake atadzala kale, anali ndi ng'ombe 8. Anawerengera pa zala: magoli 4, mapulawo 4, munda wa chimanga, wa mtedza ndi wa soya kutha tsiku limodzi. Mphwawo anawadula kuti nyamazo zimakhala ola limodzi lokha basi, kenako zimazimirira. A Mlembi anati ola limodzi ndi lochepa ndithu, poti theka lake lithera kufunafuna zingwe, ndiye bola kupha imodzi, banja lidyeko nyama. Apanso lamulo linawatsekera: nyamazo ndi mizimu yovala thupi la nyama, ikaphedwa imangosowa. Palibe nyama, palibe chikopa, ngakhale ndowe zothira kudimba. Anaganiza zokazigulitsa kumsika n'kukwera basi ya ku Chipata ola lisanakwane, koma anakumbukira kuti ng'ombe siyenda pamsewu popanda kalata ya a zaziweto, ndipo kalatayo, kunena mwa zimene anaona m'mawa uja, singatuluke m'ola limodzi. Chomaliza chinali chanzeru kuposa zonse. Mwana wawo wamwamuna akadzakonda mtsikana wachingoni wa ku Mtenguleni, kumene malowolo saseweretsa, ng'ombe 8 zidzaperekedwa, manja adzaombedwa, ndipo a kuchimuna adzatsanzika mwachangu osadikira nsima.

Nthawi yonseyi ana aja anali atagwira timiyala tawo, akuyang'ana kandulo ikufupika.

Apa ndiye pali mutu weniweni wa matsengawa, ndipo osewera padziko lonse audandaula kwa zaka. Pankhondo ya m'masewerawa aliyense amakhala ndi nthawi yake, ndipo onse akazungulira kamodzi, m'nthanomo mwangodutsa masekondi 6. Koma woitana zilombo 8 ayenera kusuntha chilichonse, kuponyera chilichonse dayisi, kuwerengera chilichonse mabala. Mimbulu ndiye imanyanya, chifukwa ikazinga mdani mmodzi uliwonse umaponya kawiri, kutanthauza maulendo 16, ndipo wolumidwa amaponyanso kuti aone ngati wagwa pansi. Wamatsenga akakula mphamvu chiwerengerocho chimawirikiza mpaka zilombo 32. Masekondi 6 aja amasanduka nthawi yophikira nyemba, munthu mmodzi akusangalala, ena onse akuyasamula.

A Mlembi anawonjezera vuto lomwe Gygax sanaliganizire: ng'ombe iliyonse anaipatsa dzina, ndipo asanaitume ankayamba aifunsa kaye ngati yadya.

Otsogolera masewerawa anapeza njira zozembera. Ena amalamula kuti woitana abwere atalemba kale mphamvu za zilombo zake pa kapepala, asamavundukule buku pakati pa nkhondo. Ena amaponya madayisi onse pamodzi ngati mtedza pa lichero, kapena amagawira osewera ena zilombozo kuti aliyense akhale ndi chogwira. Buku la otsogolera la 2014 lili ndi njira yowerengera gulu lonse osaponya dayisi n'komwe. Koma chida choopsa chinachokera kwa Jeremy Crawford, mmodzi mwa olemba malamulowo, amene anafotokoza kuti wosewera amangosankha chiwerengero, pomwe mtundu wa chilombo amasankha ndi wotsogolera. Anthu ena anali atazolowera kuitana, ndi matsenga ena ofanana ndi awa, timizimu 8 totchedwa pixie, tomwe timatha kusandutsa gulu lonse kukhala zilombo zikuluzikulu, nthano n'kuthera pomwepo.

Mphwawo ankalidziwa lamuloli. Pankhondo yachiwiri a Mlembi anakweza manja n'kuitana ng'ombe zawo.

"Pepani amalume, zabwera ndi afisi 8."

Pakhondepo panati zii. Amake ana, amene anali kusenda mtedza chapatali osalowerera, anaika lichero pansi n'kufunsa kuti ndani wanena za afisi usiku uno. Kuno kwathu munthu wachikulire womveka kuti amaitana afisi kukada safunika umboni wina. Ku America nako m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi abusa ena ankati masewerawa ndi a Satana, ndipo a Mlembi, amene amakhala pa benchi lachiwiri kutchalitchi, anapempha kuti nkhaniyi isadutse mpanda. Anakambirana, ndipo afisi anabwezedwa. Mtengo wake unali lonjezo loti ng'ombe zisiye kufunsidwa za kudya.

Chodabwitsa n'chakuti vutoli Achewa analithetsa kalekale. Aliyense amene anafikapo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, anaona mmene zilombo za Gule Wamkulu zimalowera m'bwalo. Ng'oma imalira, gule amalowa, amavina nthawi yake, amatuluka, ena n'kulowa. Magulu ndi ambiri, koma bwalo ndi limodzi, ndipo pali oyang'anira kuti wina asadye nthawi ya mnzake. Za kudambwe a Mlembi sazikamba m'nyuzipepala. Akungonena zimene diso la aliyense limaona, zomwe UNESCO inazilemekeza mu 2005.

Kampani ya Wizards of the Coast, eni masewerawa, inafika pa nzeru yomweyo mochedwa. Mu 2020 inatulutsa matsenga atsopano oitana chilombo chimodzi chokha, mphamvu zake zolembedweratu. Kenako m'buku la 2024 Conjure Animals anasinthidwa: tsopano kumabwera gulu limodzi la nyama zachithunzithunzi, zosagwirika, losuntha ngati chinthu chimodzi, ndipo limakhala mphindi 10. A Mlembi atamva izi anagwira kumutu. Ng'ombe yosagwirika ungaimange bwanji goli? Anati ndi zomwezija za mabanzi a pamsika: dzina lomwelo, koma chinthucho chikunka chichepa.

Ng'ombe zawo zinatha chomvetsa chisoni. Matsengawa ali ndi lamulo loti woitana asachotse maganizo pa zomwe waitana. Akavulazidwa amaponya dayisi, ndipo akalephera, zonse zimabalalika. Muvi wa mdani unapeza sing'anga wa a Mlembi paphewa, iwo anaponya, dayisi inaonetsa 3. Khola lonse linapita pa kamphindi, pulawo isanakhudze n'komwe nthaka.

Lamulo limenelo ndi limene lawasowetsa tulo. Anthu amene anakhala pansi kupeka masewera a ana anaona kuti woitana ali ndi ngongole kwa oitanidwa: maganizo ake akhale pa iwo, ndipo asawasunge kupitirira ola. Alimi amene anakhala pansi pa mtengo Lachiwiri lija sanali mizimu. Anasiya minda nthawi yokonza mizere, amayi ena anabwera ndi ana kumbuyo, nkhalamba zina zinalipira njinga yakabaza ndi ndalama ya mchere, ndipo palibe anatuluka kudzanena ngakhale mawu amodzi kwa maola 6. Woitana anachotsa maganizo kalekale, koma oitanidwa sakanatha kuzimirira, chifukwa dzina likasowa pa mndandanda ndiye kuti chaka chatha.

Lachinayi a Mlembi anadzukanso kusanache. M'thumba la jekete munali chitupa, mbatata ziwiri zootcha, ndi dayisi ya mbali 20 yomwe anabwereka mwini wake ali m'tulo. Pofika 11 koloko pakhomo pa ofesi panali pakadali loko, koma pansi pa mtengo paja alimi 5 anali atazungulira chipewa, ndipo mkulu wina wa ku Mphangwe anali kukana kwamtuwagalu kuti ng'ombe zake 8 zigawidwe kwa anzake.