Mmene mungaphere kukoma kwa nkhumba musanaiphe n'komwe

Yambani ndi kudana ndi mafuta onse mosasiyanitsa. Posankha nkhumba yaimuna yoti ikwere zazikazi zanu, funsani chinthu chimodzi chokha: mafuta a pamsana ndi opyapyala bwanji? Oweta a ku Ulaya amawayeza ndi makina a ultrasound pa nthiti yomaliza, masentimita 6.5 kuchokera pakati pa msana. Tengani yomwe nambala yake yatsikitsitsa, ndipo mwa ana ake mudzasankhenso chimodzimodzi. Pakatha mibadwo ingapo mudzakhala mutachotsa mafuta ena amene simunawayezepo, timizere toyera tija ta mkati mwa mnofu, timene timasungunuka nyama ikakhala pamoto n'kuifewetsa.

Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa mafuta amenewa ndi akumtundu. Pafupifupi theka la kusiyana kwa nkhumba ina ndi inzake pa mafuta a mumnofu limachokera kwa makolo. Nyama imayamba kukoma akakwana magawo 2 kapena 3 pa 100 alionse, koma nkhumba zambiri zamakono zosankhidwa mnofu sizifika pamenepo. Mafuta a pamsana ndi a mumnofu amayendera limodzi pang'ono chabe, moti woweta woyeza zonse ziwiri angathe kuchepetsa oyambawo n'kusunga enawa. Inu yezani amodzi okha.

Kenako kopekani ndi maonekedwe. Pezani Piétrain, nkhumba yamawangamawanga yotchedwa dzina la mudzi wina ku Belgium, ya matako otukumuka ndi msana wodzaza mnofu, ndipo musafunse chimene chili m'magazi mwake. Zambiri za mtunduwu zinkanyamula chilema mu jini yotchedwa RYR1. M'zaka za m'ma 1970 oweta ankazizindikira ponunkhiza tiana mpweya wogonetsa wa halothane: kokhala ndi vutoli kankauma miyendo gwa. Mu 1991 asayansi a ku Canada anapeza malo enieni a chilemacho mu DNA, kotero lero kupima magazi kapena ubweya kumakwanira. Inu musapime. Kweretsani yonyamula chilema pa inzake yonyamulanso, ndipo mwana mmodzi pa anayi alionse adzatenga mbali zonse ziwiri. Ameneyo, tsiku lotentha mukamukweza pagalimoto, adzayamba wefuwefu, mchira ukunjenjemera, khungu likuchita zigamba zofiira, ndipo angathe kufera panjira. Akafika wamoyo kophera, nyama yake imatuluka yotumbuluka, yofewa ngati yonyowetsedwa. Mukaisiya m'mbale usiku umodzi, m'mawa mumaipeza ikusambira m'madzi ake omwe.

Duroc, nkhumba yofiira ya ku America, ilambalaleni poti msana wake ndi wonenepa. Mukatero mwataya mtundu wodziwika ndi timizere ta mumnofu tija. Mwatayanso mwayi wina: ofufuza a ku yunivesite ya Lleida ku Spain anaonetsa kuti mwa ma Duroc muli mtundu wa jini ya SCD umene umachulukitsa oleic acid, mafuta omwe amapezekanso mu maolivi, popanda kunenepetsa nkhumbayo.

Zotsalazo mumalizire m'chodyera. Ng'ombe imasintha mafuta a m'chakudya chake m'chifu asanalowe m'thupi, koma nkhumba ili ndi mimba imodzi ngati munthu, ndipo mafuta amene yadya amakakhala m'nyama pafupifupi momwe analili. N'chifukwa chake nkhumba zakuda za Ibérico, zonenepera nthanga za mitengo ya oak ku Spain ndi Portugal, zimakhala ndi oleic acid wopitirira theka la mafuta awo onse. Inu nkhumba yanu ipatseni madeya okhaokha, onjezani soya wosafinya, ndipo fumbi la usipa musalileke mpaka tsiku lopha. Yaimuna musaithene, ikule choncho kuti fungo lake lilowerere m'mafuta.

Tsopano pitani nayo kubutchala. Dinani chala pa mafuta a pamsana: chimalowa, n'kutuluka chonyezimira, ngakhale nyamayo yagona mufiriji. Mpeni umaterera m'malo modula. Wokazinga kanyenya akaponya nthuli pachiwaya, madzi amatuluka kaye, nthuli ija n'kukhwinyata, kenako kumabwera kafungo ka nsomba. Wogula amatafuna, kutafunanso, n'kufunsa ngati pali ya mbuzi.