Chenji chomayamwa

Dzana ndinalowa m'golosale ina kukagula sopo. Pondibwezera K100 yanga, mtsikana wogulitsa anangotsegula botolo n'kundininkha switi imodzi.

"Chenji palibe, bambo."

Ndinabwerera kunyumba ndikuyamwa chenji changa, ndipo pofika pamlatho chinali chitasungunuka. Osanama, chinali chokoma.

Koma taganizani. Pa K100 paja pali nkhope ya a James Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa Nyasaland African Congress, munthu wolimbana ndi atsamunda. Lero mtengo wawo ndi switi imodzi. Mayi Rose Chibambo, a pa K200, mwina ziwiri. Za Inkosi M'mbelwa ya pa K20 ndisanene zambiri, ndingalipe mbuzi. Ngakhale mwana ukampatsa amakuyang'ana ngati wamutukwana.

Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Odziwa zachuma anatiuza kuti akungoiika pamlingo wake weniweni. Chabwino. Nanenso ndikaterereka m'matope ndizinena kuti ndadziika pamlingo wa nthaka.

Amene akulimbalimba ndi Ngwazi, a pa K5,000 yomwe inatuluka mu 2022. Poyamba kondakitala wa minibasi akaiona ankachita tsinya, kudandaula kuti mwamuthera chenji. Masiku ano amailandira osakuyang'anani n'komwe.

Mawa ndibwerera kugolosale kuja. Ndasonkhanitsa maswiti asanu ndi awiri, ndikufuna ndikaone ngati angandigulitse nawo machesi.