Ndinakwera ndege kukaona usipa

Mphwanga wa ku Perpignan atanditumizira tikiti, ndinalengeza mpaka kumaliro kuti ndikupita ku France. Sindinadziwe kuti ndikathera ku Collioure, katauni ka anthu osakwana 3,000 m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, kufupi ndi malire a Spain. Dzinalo ndinalitchula kanayi pogula tikiti ya sitima, mpaka mayi wogulitsayo anangondipatsa pepala kuti ndilembe.

Titangofika kugombe ndinaona nsanja ya tchalitchi itaima m'madzi. Ndinakuwa kuti madzi asefukira.

"Achimwene, tsitsani mawu," anatero mphwanga, akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa.

Kani nsanjayo kale inali younikira zombo usiku. Tchalitchi cha Notre-Dame-des-Anges adachimanga pambali pake cha m'ma 1680, nsanja n'kulowa mpingo. Chapomwepo pali chinyumba cha mafumu, Château Royal, chomwe Spain ndi France adalimbirana mpaka pangano la 1659 litapereka derali kwa Afalansa. Zambiri za mmenemo musandifunse. Ndinathera pa masitepe, ndikupumira m'mwamba.

Kenako ndinapeza felemu yachitsulo yopanda chithunzi, ndipo ndinapukusa mutu kuti akuba ndi kuno komwe ali. Mphwanga anati umasuzumiramo, nsanja ija n'kukhala chithunzi chako. Anthu ojambula amapatsidwa ulemu kuno chifukwa mu 1905 Henri Matisse ndi André Derain adakhala kuno miyezi yotentha, akupaka mchenga utoto wofiira, mpaka ku Paris adawatcha zilombo zakuthengo. Lero zilombozo zikudyetsa tauni yonse. Ine aphunzitsi anandikwapula ndili sitandade 2 chifukwa chojambula mbuzi yobiriwira. Ndinangobadwira kolakwika.

Masana mphwanga anati tikalawe chakudya chimene chidatchukitsa Collioure. Ndinamasuliratu lamba. Mbale itabwera, ndinaiyang'ana, n'kuyang'ana mphwanga. Usipa, abale! Iwo amati anchois. Amathira mchere m'migolo kwa miyezi, kenako azimayi amachotsa minga ndi manja, kansomba kamodzikamodzi. Pambale panga panali tisanu ndi kamodzi, titagonekedwa pamzere pa tsabola wofiira wootcha ngati ana a kwaya. Mtengo wake ndinauwerengera m'makwacha, njala n'kuchepa yokha.

Pofuna kuonetsa kuti nsombayi ndinakula nayo, ndinatola tonse n'kuponya m'kamwa kamodzi. Mchere wake! Misozi inatsika, ndinamwa madzi anga, a mphwanga, n'kuyamba kusirira a tebulo loyandikana nalo. Woperekera zakudya anafunsa ngati ndakonda. Ndinagwedeza mutu. Lilime linali litatsanzika kale.

Madzulo ndinagula khadi la chithunzi cha nsanja ija, n'kulembera mayi a kunyumba mawu okoma amene sindinawauzepo chikwatirane. Tinadzera kumanda kukaona pamene adagona Antonio Machado, mlakatuli wa ku Spain amene adathawa nkhondo ya kwawo n'kumwalirira ku Collioure pa 22 February 1939. Pamanda akewo pali kabokosi ka makalata. Ndinayamikira boma la kuno posamalira anamfedwa, n'kuponyamo khadi langa.

Mphwanga anandiuza tili kale m'sitima kuti m'kabokosimo anthu amaponyamo makalata olembera malemuwo.

Mayi a kunyumba, musamati sindinakulembereni. Kalata yanu ili ndi a Machado.